Mapesi Anga ndi Ng'ombe za Amalume

Chaka chimene mvula inadula chimanga chikumasula, ndinakolola zosadzaza ndi ngolo yomwe. Mwana wanga anali atangosiya kuyamwa. Nditapita naye kusikelo, anesi anayang'ana muvi, kenako anayang'ana ine. Maso amenewo ndinabwera nawo kunyumba, ndipo sanandichokebe. Amalume, alongo awo a amayi, atamva, anayamba kundipatsa botolo la mkaka m'mawa uliwonse.

Satifiketi yanga ya zophikaphika ili m'sutikesi, ntchito sinapezeke. Bambo a mwanayu amagulitsa kachewere kwa Lizulu, kuno amabwera akakumbukira. Ndiye munda umene amayi anandigawira kuseri kwa dambo ndiyo ofesi yanga.

Alangizi atabwera kudzatiphunzitsa ulimi wa mtayakhasu, ndinatchera khutu ngati ndili m'kalasi. Anati tileke kutentha mapesi, chifukwa utsiwo ukuwonjezera kutentha kwa dziko mpaka mvula kusokonekera. Tiziwayala pansi kuti nthaka isunge chinyezi. Kunena zoona, za dzikozo sizinandilowe kwenikweni. Ine chimene ndinamva ndi chinyezicho basi.

Ndinayala mapesi munda wonse, mwana ali kumsana, mikono ili zikandezikande. Ndinalambulanso m'mbali kuopa moto wa osaka mbewa. Za ng'ombe ndiye sindinaziganizeko.

Kwathu kuno anthu akatha kukolola, ziweto amazitayirira, munda sukhalanso wa munthu mpaka mvula yoyamba. Tinazipeza choncho. Tsiku lina ndinapeza ng'ombe za amalume zili mbwee m'munda mwanga, zikutafuna mapesi mopanda nkhawa. Ndinazithamangitsa mpaka mawu kusasa, mawa lake zinabweranso.

Ndinapita kwawo, ndinagwada pakhonde.

"Amalume, ng'ombe zanu zikundithera mapesi."

"Mapesi ako?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, mapesi anayamba liti kukhala ndi mwini? Kapena kukoleji kuja munkaphunzira kuwaphika?"

"Ndafunditsa nthaka, amalume."

"Ikumva kuzizira? Nanga ng'ombezi zidye chiyani chilimwe chino, satifiketi yakoyo?" Kenako analoza botolo limene linali pafupi ndi chitseko. "Tenga mkaka wa mdzukulu wanga. Wachokera m'mapesi akowo."

Ndinalitenga botololo. Ndikatchinga munda, ng'ombe ziwonda, mkaka uuma, mwana abwerera pomwe anali. Ndikazileka, nthaka ikhala pamtunda, ndipo ng'amba ikabweranso sindidziwa kuti phala ndidzalitenga kuti. Ndinakhala chogwada, botolo lili m'manja, mutu ukuwawa.

"Ndiye mundilole ndizitapako ndowe m'khola," ndinatero.

"Tapa mayi, undisesere ndi khola lomwe. Ukatopa usabwere kudzalira pano."

Ndinatopadi. Ndinakumba maenje obzalamo monga anatisonyezera alangizi, nthaka ili gwa ngati simenti, n'kumathiramo manyowa amene ndinkasenza pamutu. Khasu lomwe ankati titaye lija ndi limene linanditupitsa manja. Alangizi atadutsa n'kuona munda uli mbee, anapukusa mutu. Sindinawafotokozere, ndinalibe mphamvu.

Mapesi anatha onse. Sindinawatenthe, koma sindinawasungenso. Chaka chino mvula yachedwa, ndipo ndimangoyang'ana kumwamba cha ku Bwanje ngati pali amene anandilonjeza kanthu. Mwezi watha kusikelo muvi unasunthako pang'ono, anesi anagwedeza mutu movomereza. Ng'ombe ndinasiya kuzithamangitsa. Zikalowa m'munda ndimangozipatukira, dengu la ndowe lili pamutu.