Sitima ya pa Khola la Khirisimasi

A Evaristo Zulu a ku Bulangililo anakalambira pansi pa nthaka, akuyendetsa sitima ya miyala mu mgodi ku Kitwe. Atapuma ntchito anatsala ndi chifuwa chosatha, komanso kasitima kamagetsi kachidole. Chaka chilichonse kankazungulira khola la Khirisimasi kutchalitchi kwawo. Ku Betelehemu kunalibe njanji, inde, koma ndani akanalimba mtima kuwauza? Pakholapo ndi pokhapo pamene anthu ankawafunabe.

Chaka chino mota ya kasitimako inapsa. Anazula ina m'galimoto yachidole yothyoka n'kuikamo. Kasitima kanadzuka ndithu, koma kanadzuka ndi misala. Akapotokola chowongolera liwiro pang'ono, kali duu. Akangowonjezera, liwiro la mtondo wadooka. Tsiku loyesera kanadumpha pokhota n'kukagwetsa Yosefe Woyera, mphuno n'kubenthuka.

"Ba Zulu, mwatipwanyila Yosefe," anatero mayi Priscah, oyang'anira zokongoletsa. "Kakacita futi so, tizaikapo cabe malaiti."

Mawuwo anawapweteka kwambiri, ngakhale anaseka nawo. Kunyumba anapukuta njanji mpaka kuwala, osasintha. Anatembenuza mawaya, kanangothamanga chobwerera. Anamasula chowongolera, osapezamo vuto: mota yatsopanoyo inkangofuna moto wochepa kuposa yakale. Analumikiza babu ya galimoto pa waya kuti idyeko magetsi. Liwiro linatsika, koma pokhota ngolo zinkagwabe.

Atatopa anakhala pakhonde n'kuyamba kuganiza za mu mgodi. Kumeneko sankaopa sitima yodzaza. Yoopsa inali yobwerera yopanda kanthu; imeneyo ndiyo inkanjanja n'kudumpha njanji. Nanga iwowo ankasiyana nayo pati? Chimwalirireni akazi awo a Beatrice, amake Wendy, ana atabalalika, ankangozungulira mukomboni popanda wowatuma, n'kumakangana ndi aliyense, ngakhale ogulitsa tomato.

Pamwamba pa kabati panali chitini chimene sanachikhudze chiikireni maliro. A Beatrice ankasungamo timiyala tobiriwira ta mkuwa timene amuna awo ankabwera nato m'thumba akamaweruka, kuyambira ali pachibwenzi. "Anzanga amawabweretsera sikono, ine miyala," ankadandaula choncho, koma sanatayepo ngakhale kamodzi. A Zulu anatsegula chitinicho n'kudzaza timiyalato m'ngolo zonse.

M'mawa wa Khirisimasi kasitimako kananyamuka mwaulemu, babu ikuyaka pambali ngati nyali ya abusa a nkhosa. Kanafika pokhota paja, ngolo zinatsamira pang'ono, n'kudutsa pamaso pa Yosefe osamugunda.

"Manje iyi miyala yacokela kuti?" anafunsa mayi Priscah, ataweramira ngolo kuti atolemo kamwala.

"Ni ya amake Wendy," anayankha a Zulu, maso ali panjanji. "Musaicotsemo. Popanda iwo siyenda bwino."

Mayi Priscah anabweza dzanja.