Tsiku Limene Amayi Anakana Kugona

Linali Loweruka m'mawa. Ndinkachapa ovololo ya atate kuseri kwa nyumba yathu ku Buchi, mumzinda wa Kitwe, ndili mtsikana wongotha kumene msinkhu. Cha kumsika kunamveka mluzu, kenako magalasi akusweka. Anyamata a zipani ziwiri anali atayambana. Akatopa kugendana okhaokha ankalowa m'nyumba kufunsa makhadi a chipani, ndipo mpingo wathu sunkalola kugula khadi.

Inu obadwa dzulodzulo simunawaone amayi anga akudwala. Chimwalirire khanda lathu, ankangokhala pa mphasa kuyang'ana khoma. Chitseko chikamenyeka, mtima unkawagunda mpaka thukuta.

Ku chipatala cha mgodi anayamba kuwapatsa mapiritsi oyera. Amenewo sankachedwa. Akamwa, manja ankasiya kunjenjemera madzi a tiyi asanawire. Koma lilime linkalemera, ankagona ngati thumba la chimanga, ndipo podzuka chisoni chinali pomwe anachisiya.

Kenako anawonjezera ofiira, timapiritsi tating'ono ta tsiku ndi tsiku. Amenewo ankaumitsa kukamwa. Akadzuka mofulumira, chizungulire. Kwa milungu ingapo sitinaone phindu lake, ndipo atate anawatcha mankhwala aulesi. Sindiwanena. Munthu wophulitsa miyala pansi pa mgodi amafuna chinthu chomveka pompo.

Koma ine ndinkakhala nawo tsiku lonse. Ndinaona atapesa tsitsi. Tsiku lina anandikalipira kuti ndachulutsa mchere mu ndiwo, ndipo ndinakondwa ngati andigulira nsapato.

Loweruka lija phokoso litayandikira, amayi anayamba kunjenjemera mano kugundana. Atate anatulutsa oyera awiri ndi kapu ya madzi. Amayi anayang'ana mapiritsiwo m'dzanja la atate, n'kufunsa:

"Ndikagona, andinyamula ndani? Ndipo mwana uyu abereka ndani?"

Anakankha kapu ija. Anabereka mlongo wanga Yohane, yemwe anali ndi zaka ziwiri. Botolo la ofiira anamanga pa nsonga ya chitenje.

Atate anati iwo atsala. Nyumba inali ya kansolo, ndipo nyumba yosiyidwa inkatenthedwa kapena kupatsidwa wina. Anati tipite kwa azakhali ku Masala, mumzinda wa Ndola, atipeza mawa. Anandiveka chipewa chawo cha dzuwa.

Tinadutsa kuseri kwa zimbudzi. Nyumba ina inkafuka utsi. Pa mpanda panali nsapato imodzi ya mwamuna. Mbuzi yomangidwa inkazungulira chikhomo chake.

Amayi ankachita mantha njira yonse, sindikubisa. Mwala ukagwa pa malata ankabwatama, podzuka chizungulire n'kuwagwira. Ndinkaima nji, iwo n'kugwira phewa langa mpaka maso atayera. Kenako tinkapitiriza. Kukamwa kutauma kwambiri, anatola kamwala kosalala, kupukuta pa chitenje, n'kumayamwa kuti malovu abwere.

Titafika pa msewu waukulu anaimitsa okha lole ya makala. Woyendetsa anali Mbemba wamkulu. Anatiyang'ana mapazi, osafunsa kanthu. Anangoti m'Chibemba, "Nineni, ba mayo," kutanthauza kuti tikwere. Tinakwera pamwamba pa matumba. Yohane anagona, tsaya litada bii.

Tinafika ku Ndola dzuwa litapendeka. Ku Masala msika unali kugulitsa monga mwa masiku onse. Azakhali anatitenthetsera madzi osamba. Amayi anamwa piritsi lawo lofiira, n'kupempha madzi ena.

Mawa lake atate sanabwere. Lolemba kunabwera m'bale wa mumpingo, chipewa chili m'manja. Analankhula ndi azakhali kuseri kwa nyumba. Ine ndinamva zonse. Anyamata aja anawamenya atate pakhomo ndi chitsulo, ndipo atatewo anamwalirira ku chipatala.

Azakhali anathamangira kwa mnansi wina yemwe ankasunga mapiritsi oyera. Ankafuna amayi amwe kaye, uthenga uwapeze ali ziii. Anachita zimenezo mwa chikondi. Amayi anaona piritsilo, anaona nkhope ya mlendo uja.

"Alamu, musandigoneke. Mwamuna wanga ndimulira ndili maso."

Analira mokweza mpaka anthu a m'misewu ina anabwera. Ine ndinaopa kuti tawatayanso, abwerera ku khoma kuja. Sanabwerere. M'mawa mwake anadzuka pang'onopang'ono, kugwira chitseko kudikira chizungulire chithe, n'kufunsa nthawi ya basi ya ku Kitwe.

Oyera aja sindiwanyoza. Pambuyo pake anawathandiza masiku ena tulo titasowa, dokotala atalola. Koma ofiira ndi amene anatibwezera munthu, ngakhale anamuumitsa kukamwa kwa zaka.

Nyumba ya ku Buchi inapsa ndithu. Atate tinawaika ku Kitwe, amayi ataimirira pa manda ndi miyendo yawo. Tinabwerera ku Masala atatu, ndipo anatilera okha ndi malonda a tomato.