Tsamba Limene Wojambula Sanamalize

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka mwina khumi ndi ziwiri pamene malume anandisiya pasukulu ya mishoni kunsi kwa phiri la Mulanje. Tinali titawoloka mtsinje wa Muloza chaka chomwecho, kuthawa zikoti za Apwitikizi. Amayi ndi mlongo wanga anatsala kutsidya. Chimang'anja changa chinali chothyokathyoka, ndipo ndikangotsegula pakamwa anzanga ankafa ndi phwete. "Tamverani, Mnguru wayamba," ankatero. Basi ndinatseka pakamwa n'kuyamba kulankhula ndi manja: chule m'chipewa cha wina, chitedze pabenchi. Ankandikwapula, koma pokwapulapo ankatchula dzina langa, choncho sindinkaona kuti ndaluza.

Lachitatu lililonse kunkabwera Adona, mkazi wa mzungu wa pamishoni, kudzationetsa buku la zithunzi la ana a kwawo. Pachikuto panali chizindikiro chozungulira chonyezimira. Aphunzitsi a Chimenya, amene ankamasulira zonena Adona, anatiuza kuti wojambula zithunzizo anaposa anzake onse, mpaka anamuveka mendulo. Bukulo linkasungidwa pathabwa kuseri kwa tebulo la aphunzitsi. Ine, poti chilango changa cha masiku onse chinali kusesa m'kalasi ena akudya masana, ndinali nalo ndekha.

Masamba ambiri anali odzaza mpaka m'mphepete: mahatchi, misika, anthu ovala zolemera. Koma tsamba lina linali ndi kamwana kamodzi kovala chofiira, kataima pansi pakona, kakuyang'ana kanyumba kakang'ono kutali uko. Kwina konse kunali mbee, pepala lokhalokha. Ndinkakapatsa moni m'Chilomwe. "Mosheliwa." Sikankayankha, komanso sikankaseka, ndipo pasukulu yonseyo panalibe wina amene ankandichitira zabwino zotero.

Chimene chinkandiwawa ndi ulesi wa wojambulayo. Munthu walima mzere umodzi, munda wonse wausiya, n'kumuveka mendulo? Ndinaganiza kuti utoto unamuthera, kapena anamuitana kumaliro n'kuiwala kubwerera. Tsiku lina ndinatola khala kukhitchini, ndinalinola pamwala, ndi kumumalizira ntchito yake. Ndinajambula amayi atasenza mtsuko. Ndinajambula mlongo wanga atagwira kamwanako dzanja, galu wathu wodula mchira, nthochi za kuseri kwa nyumba. Manja ankanunkha utsi, mtima uli myaa. Patatsala malo pang'ono pamwamba, ndinaikapo a Chimenya, makutu ngati malichero. Pamenepo ndiye ndinalakwitsa, ngati kunali kulakwitsa.

Lachitatu Adona anatsegula tsambalo kalasi yonse ikuona. Nkhope yawo inafiira kufanana ndi chovala cha kamwanako. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa, "Makutuwo ndi a aphunzitsi!" Kalasi inaphulika.

"Wachita izi ndani?" anafunsa a Chimenya, maso ali kale pa ine.

"Ndine, aphunzitsi. Ndamuthandiza. Sanamalize."

Anamasulira. Adona analankhula nthawi yaitali, chala chikuyenda pamwamba pa makala anga osawakhudza.

"Akuti kuyeraku si pepala," anatero a Chimenya. "Kwawo kuzizira kumagwa kuchokera kumwamba ngati ufa, n'kukwirira njira, minda, zonse. Mwanayu wasochera m'menemo. Wojambulayu anapatsidwa mendulo ija chifukwa cha kuyera komwe wadetsaku, mbuzi iwe."

"Ndiye anamusiya yekha dala?"

"Dala."

"Ndiye ndi munthu woipa ameneyo."

Izi sanamasulire. Bango ndilo linayankha.

Madzulo ake a Chimenya anandiuza kuti ndimange kamtolo kanga, mwina mawa ndichotsedwa. Ndikanapita kuti? Malume anali atalowera ku Thuchila kukasaka ntchito, ndipo njira ya kutsidya sindinkaidziwa. Ndinakhala pamtolowo mpaka belu la m'mawa. Adona anabweranso m'mawa womwewo nandiitana, natsegula tsamba lija, naloza mzimayi wa mtsuko. Anafunsa ndi Chimang'anja chothyoka kuposa changa, "Uyu ndani?"

"Amayi."

"Ali kuti?"

Ndinaloza kum'mawa. Anayang'ana komwe ndinalozako, ngati angawaone, kenaka anatseka buku. Sindinachotsedwe. Ndinasenza njerwa masabata awiri, ndipo bukulo analitsekera m'bokosi lachitsulo kunyumba kwawo. Sindinalionenso. Ndinkasesabe masana, koma pathabwa paja panali fumbi lokha, ndipo moni wanga ndinalibe womupatsa.

Ndakula tsopano, ndipo ndimavomera kuti wojambula uja ankadziwa ntchito yake. Chiperoni chikameza phiri lathu, thanthwe ndi mitengo zonse n'kusowa, palibe amene amati Mulungu sanamalize. Munthu uja anajambula kusungulumwa posajambula kanthu, ndipo kunandigwira ine mwana wa kutsidya wosadziwa liwu limodzi la m'bukumo. Mendulo yake ndi yoyenera.

Koma wina akandifunsa ngati ndinalapa, ndimaseka. Kamwana kaja kanatsekeredwa m'bokosi lamdima, mwina kali momwemo mpaka lero. Wa menduloyo anakasiya kokha. Ine ndinakasiyira amayi, mlongo wanga, galu, ndi aphunzitsi a makutu okwanira kumva kakalira.