Ndime ya pa Miyala

Chaka chimene ndinalembedwa ntchito pa msewu wa ku Sandwe, m'masiku a Chitaganya, ndinali kale ndi ndevu ndipo mkazi wanga anali ndi pakati. Pagulu pathu tinali amuna khumi ndi awili. Tinkakumba ngalande m'mbali mwa msewu mvula isanagwe. M'mawa uliwonse kapitawo ankayezela munthu aliyense ndime yake ndi chingwe cha khonje, n'kukhoma chikhomo uku ndi uku. Ukafika pa chikhomo chachiwili, tsiku lako latha.

Panali lamulo lina losachokela ku boma, ndipo palibe anandiuza. Wotsiliza msanga sankakhala pansi. Ankapita kumapeto a ndime ya mnzake wotsalila n'kuyamba kukumba chobwelela mpaka akumane pakati. Ankati kuchingamila. Motelo onse ankatula mapiki nthawi imodzi, ndipo kapitawo sankadziwa kuti wamphamvu ndani, wofooka ndani.

Anzangawo anaphunzila zimenezi ku dima, polimilana minda kwawo. Ine dima sindinalipondepo. Makolo anga anamwalila ndili wakhanda, ndipo ambuya amene anandilela ku Kaumbwe analibe mapila ophikila mowa woitanila anthu. Tinkalima awili. Tsiku lina ndili mwana ndinalowa m'munda wa eni kukathandiza kupalila, madzulo ake anabwela kudzanena kuti ndaba nkhaka. Kuyambila pamenepo ambuya ankati, "Chako chikatha, khala pansi, manja pamiyendo. Wamasiye akathandiza amati waba."

Ndiye tsiku langa loyamba, poti sindinkaimba nawo kapena kucheza, ndinatsiliza dzuwa lili pamutu. Ndinatsamila mtengo wa tsanya n'kumaingitsa akashembe, ntchentche zoluma zija. Ndinaona kuti nyimbo yaleka, koma sindinadziwe kuti yalekela ine.

Kapitawo nayenso anali wachilendo, wochokela cha kum'mawa, wa kabudula wa khaki wosita ndi pensulo kukhutu. Anaima patsogolo panga, nayang'ana ngalande yanga, nayang'ana dzuwa. M'mawa mwake anabwela atalumikiza chingwe china, mikwamba iwili.

"Uyu watha masana," anatelo akundiloza. "Nanga inu tsiku lonse mumachita chiyani? Mwalidyela boma mokwanila. Kuyambila lelo aliyense afele pa ndime yake. Ndikapeza wina pa chikhomo cha mnzake, ona msana wa njila. Wolephela katatu, chimodzimodzi."

Masana amenewo mbale yanga ndinaipeza payokha pamwala, nyelele zitayamba kale. M'chikho changa cha madzi munali dothi.

"Dyani, a bubu," anatelo mmodzi, wamtali wa mano otalikilana, amene ankatsogolela nyimbo. "Mudye mukhute, mutiwonjezelenso mikwamba ina."

"Akulonjezani chiyani a kapitawo? Kabudula wakutha?" anatelo wina, enanso n'kutsatila.

"Musamuone kukhala duu. Pakamwa palibe mawu, miseche yake ili m'manja."

"Iwe, unaleledwa ndi anthu? Ngakhale anyani amadikilana."

Ndikanati sindinkadziwa, akanaseka, chifukwa kwa iwo munthu wandevu wosadziwa kuchingamila kulibe. Ndinayesa kuchedwa dala masiku otsatila, koma kapitawo ankaima pambuyo panga ndi ndodo yake, ndipo chingwe sichinafupike.

Amene chingwecho chinamugwila pakhosi anali mdala wina wa ku Ndake. Anabwelako ku migodi ndi chifuwa chosatha, ndipo mkazi wake atamwalila, abale a mkaziyo anamulanda munda, poti iye anali mkamwini chabe. Kwawo kwenikweni kunalibenso womudziwa. Msasa wa pamsewu ndiwo unali mudzi wake. Zaka zonsezo anzake ankamuchingamila mosaonetsa. Tsopano anali yekha pakati pa zikhomo ziwili, ndipo sabata isanathe anali atalephela kawili.

Munthu wosalankhula amakhala ndi nthawi yoona. Ndinaona kuti zikhomo zanga zinkagwela nthawi zonse pamchenga, pamene fosholo imalowa yokha, ndipo za mdala zinkagwela pamtunda, pa nsangalabwi zolumana. Msewu umenewo dothi lake limasintha ukangoyenda pang'ono, koma chingwe chinali chimodzi. Ndinaonanso kuti kapitawo akamva kulila kwa galimoto patali, ankakonza kolala msangamsanga. Anali atauza mzungu woyang'anila misewu kuti gulu lake lidzafika kumtsinje mvula isanagwe, ndipo umboni wake ndinali ine. Ankafuna kuti ndizitha masana tsiku lililonse. Sindinamumvele chisoni. Ndinadana naye chifukwa anandisandutsa chikwapu chomenyela anzanga, ndipo ndinadananso ndi anzangawo chifukwa ankakwiyila chikwapu.

Lachisanu linali tsiku lobwela mzungu. Kapitawo anakhoma zikhomo m'mamawa, nakwela njinga kukamudikila pa mphambano. Atangopotoloka, ndinanyamula piki yanga n'kukwela pamtunda pa mdala.

"Choka apa, galu iwe," anatelo mdalayo. "Wabwela kudzanditsiliza?"

"Pitani kumchenga, bambo."

"Ati chiyani?"

"Ndime yanga ili kumchenga. Pitani."

"Tamvani, bubu walankhula!" anafuula wamtali uja. "Lelo kugwa mvula."

Mdala anandiyang'ana nthawi yaitali, nalavula pafupi ndi phazi langa, natsika.

Ndinakumba moona, osanyengezela, chifukwa ndinkafuna kudziwa nanenso kulimba kwa pamiyalapo. Piki inkadumpha pamwala n'kubweza ululu mpaka m'mano. Mwala uliwonse unkafuna kuuzungulila kaye, kuugwedeza, kuutulutsa ndi manja. Matuza anaphulika dzuwa lisanakwele. Pamene galimoto inafika, dzuwa litapendeka pang'ono, ndinali ndisanafike ngakhale pakati.

Kapitawo anatsika ali ndi mawu kale pakamwa, dzanja litaloza pamtengo wa tsanya pamene ndinkakhala. Pamenepo panali mdala, miyendo atatambasula, akufwenkha fodya, ndime ya pamchenga itatha.

Mzunguyo anafunsa m'Chilapalapa chake, chilankhulo cha ku migodi, ngati ameneyo ndiye ngwazi ija. Wina anatsokomola kubisa chiseko. Kapitawo anayamba kufotokoza kuti pachitika zosokonekela, kuti munthu wake ndi uyo ali kumtundayo, kuti lelo mwina wadwala. Mzungu anakwela kudza pamene ndinali. Anayang'ana manja anga, natenga piki, namenya kamodzi. Panatuluka moto. Anamenyanso, chipewa chake chinagwa. Kenaka anatsikila kumchenga, nalowetsa nsapato m'dothi mpaka m'kakolo.

Zimene anauza kapitawo sindinazimve zonse, koma anazinena mokweza, ife tonse tikuona. Anatulutsa mpeni, nadula chingwe pa mfundo yolumikizila, nadulanso china chachifupi cha pamiyala. Za kuchingamila anati alibe nazo ntchito, bola ngalande ikhale yakuya. Galimoto itachoka, kapitawo anatola zidutswa za chingwe chimodzichimodzi, osayang'ana munthu.

M'mawa mwake piki yanga inali itatsekeledwa m'bokosi.

"Ndinati chiyani za wopezeka pa chikhomo cha mnzake?" anatelo kapitawo. "Lamulo lija linali lisanafe pamene unalithyola. Nyamuka."

Ndinapinda mphasa yanga gulu lonse lili chilili. Ndinkayembekeza kuti wina anena kanthu, ndipo wamtali uja ananenadi.

"Wazimitsa moto woyatsa wekha. Ufuna tikuombele m'manja?"

Mdala anali akunola fosholo pamwala. Sanadzutse mutu.

"Mchenga uja ngofewadi," anatelo. "Masiku onsewa unkadya bwino."

Palibe anandipelekeza. Ndinayenda masiku awili kubwelela ku Kaumbwe, manja nditakulunga m'nsanza. Mkazi wanga analila, kenaka anakalipa. Ambuya, amene maso anali atayamba kuchita khungu, anapapasa zikhatho zanga n'kufunsa kuti ndinali m'munda wa yani. Nditawauza anati, "Ndinakuuza," natembenukila kukhoma.

Chaka chotsatila, titakolola, ndinadutsa msewu womwewo pamwamba pa lole ya mtedza. Gulu linali litawoloka mtsinje. Kapitawo anali yemweyo, zingwe ziwili paphewa. Mdala anali m'ngalande mpaka m'mawondo, ndipo wamtali uja ankakumba chobwelela kuchokela ku chikhomo cha mdalayo. Lole itachepetsa liwilo, mdala anaweluka, nandiona, nandizindikila. Sanakweze dzanja, inenso sindinakweze. Anapukuta fumbi lathu kumaso n'kuwelamilanso pa fosholo yake.