Ulendo Umanena Utafika

Amayi anga anali ndi malamulo ochepa, koma limodzi sankalola kuti tiliseweretse: ulendo sulengeza, umanena utafika. Ngakhale ukupita kuchigayo, wina akakufunsa panjira unkangoti, "Ndili pompano." Ankati si onse okupatsa moni amene amafuna kuti ukafike. Pamene ndinkabwera kuno ku Dubai kudzagwira ntchito yolera mwana, anthu a m'mudzi mwathu ku Dedza anamva nditatha kale sabata ndikukolopa nyumba ya eni ake ku Al Furjan. Amayi ananyadira chinsinsi chimenecho kuposa ndege imene ndinakwera.

Ndiye pamene madamu anandiuza kuti iwo ndi amuna awo akupita ku China kukaona malo kwa masiku asanu ndi anayi, ndipo ine ndipita nawo kuti ndizikagwira mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu, sindinauze munthu kumudzi. Ngakhale mng'ono wanga sindinamuuze, chonsecho ndi iye amene ankakhala ndi amayi, ndipo foni yake ndi imene tinkalankhulirapo. Ndinati ndikangotsika ndege ndidzijambula, nditumize chithunzi, amayi aseke kuti mwana wawo anamva mwambo.

Nthawi imeneyo amayi anali atatupa miyendo. Ankagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathera. M'mawa uliwonse, mwana asanadzuke, ndinkajambula mawu pafoni n'kuwatumizira, iwo n'kuyankha dzuwa litakwera, mng'ono wanga atawagwirira foni pakamwa. Sankachulutsa gaga m'diwa. "Tadzuka. Miyendo ndi yomweyi. Wadya?" Tsiku limene ndachedwa kutumiza, phala ankalikankhira kumbali mpaka atamva mawu anga. Zimenezi ndinkazidziwa, ndipo ndinakwera ndege ndikuzidziwa.

Titatera ku Beijing ndinadzijambula pafupi ndi chikwangwani cha zilembo zawo zija, ndikumwetulira mano onse pamtunda. Pansi pake ndinalemba kuti, "Ndafika ku China, amayi." Uthenga sunapite. Kuhotela anandilumikiza ku intaneti yawo, koma uthenga unangokhala pomwepo, kachizindikiro kodikira kali pambali. Foni yanga inasanduka tochi ndi wotchi basi.

Ndinawaonetsa madamu m'mawa mwake.

"Zimenezo kuno sizigwira," anatero m'Chingerezi, akusakasaka chipewa cha mwana m'chikwama. "Khalas, basi, ndi masiku ochepa awa. Upumeko ku foni. Yalla, tiye, galimoto ikudikira."

"Palibe vuto, madamu," ndinayankha.

Foni yawo inkagwira bwinobwino, anali atakonzeratu tisananyamuke. Ndipo ndinene chilungamo, madamu si munthu woipa. Ndikanati amayi akudwala, akanandipatsa foniyo osaphethira n'komwe. Koma za matendawo ndinali ndisanawauzepo. Wantchito amene ali ndi wodwala kwawo amaoneka ngati wayamba kale kulongedza chikwama, ndipo ine ntchito ndinkaifuna. Tsiku lililonse ndinkati ndipempha mawa. Mawa likafika mwana wataya nsapato, kapena bwana akukangana ndi wotitsogolera, ine n'kumeza mawu anga.

China ndinamuona, sindingakane. Tinakwera chipupa chachitali chija chimene chimayenda pamwamba pa mapiri. Mwana anayenda masitepe owerengeka n'kukhala pansi, ndiye ndinatulutsa chitenje n'kumubereka. Anthu anasiya kujambula chipupa n'kuyamba kujambula ife. Amayi awiri achikulire anandigwira tsitsi langa loluka, kulikoka pang'ono kuti aone ngati ndi langadi, kenako anandiimikira chala chachikulu. Ndinawasekerera. Chimene ndimakumbukira kwambiri pa chipupacho ndi thukuta la kumsana ndi kulemera kwa foni m'thumba.

Tinadya ndi timitengo, kapena ndinene kuti ena anadya ndi timitengo, ine ndinapempha supuni ya mwana. Tinakwera sitima yothamanga moti mitengo ndi nyumba zinkangoti phethi pawindo. Bwana anaimika ndalama yachitsulo patebulo kuti tione kuti sikugwa, tonse n'kuwomba m'manja. Ine ndinatulutsa foni, kuona uthenga uja, n'kuibweza.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinali ku Xi'an, kumene kuli asilikali adothi. Ndi chiholo chachikulu chofoleredwa, m'katimo asilikali oumbidwa ataima m'mizere, aliyense ndi nkhope yake. Wotitsogolera anati mfumu ina yakale inawaumbitsa kuti azilondera manda ake. Ndinaganiza kuti munthu ameneyo ankaopa kugona yekha. Sindinaganize china. Mwana anafuna kukodza, ndinamutengera kuchimbudzi, ndipo pobwera ndinagula kamsilikali kadothi kotalika ngati chala kuti ndikawapatse amayi aziika pawindo.

Pomaliza tinakaona nyama zija zotchedwa panda, zakuda ndi zoyera, zimene ntchito yake ndi kudya nsungwi zitagona chagada, anthu n'kumaima pamzere kuti azione. Madamu anajambula zithunzi zosawerengeka. M'zambiri ndilimo, koma mkono wokha, utagwira mwana kuti asagwere kuseri kwa mpanda.

Tinatera ku Dubai masana. Tisanatuluke n'komwe m'ndege, foni inayamba kunjenjemera m'thumba, ndipo sinasiye. Mwana anali atagona paphewa panga, dzanja lina linagwira chikwama chake, ndiye sindikanatha kuitulutsa. Inanjenjemera pamzere wa mapasipoti, inanjenjemera podikira katundu. Ndinaisiya. Ndikuganiza kuti mwendo wanga unadziwa kale zimene mutu unali usanamve.

Kunyumba ndinagoneka mwana, ndinamasula masutikesi onse anayi, ndinapatula zoyera ndi zamitundu, n'kuyatsa makina ochapira. Kenako ndinakhala pa kampando ka m'chipinda chochapiramo n'kutsegula foni. Chimene chinali pansi penipeni pa mauthenga a mng'ono wanga chinali chithunzi cha mulu wa dothi lofiira, nkhata zitatu zili pamwamba.

Ndinakwera pamwamba pa mauthengawo n'kuyamba kuwerenga bwinobwino, ngati kalata ya munthu wina. "Achemwali mwadzuka bwanji, amayi akudikira." "Achemwali muli bwino?" "Tili kuchipatala." "Foni yanu siikulowa, yankhani chonde." "Amayi atisiya m'mawa uno." "Amalume akuti tidikire mawu anu." "Amalume akuti sitingadikirenso." Ndinawerenga masiku pa zala. Amayi analowa m'manda tsiku limene ndinkagula kamsilikali kaja.

Sindinalire. Makina analiza belu, ndinatulutsa zovala n'kuika zina. Nditawauza madamu, iwo ndi amene analira. Anandigwira mapewa akuti, "Habibti, wokondedwa wanga, bwanji sunanene? Foni inali m'manja mwangamu tsiku lonse!" Ndinawapepesa, ine wamaliro kupepesa wondilirira. Anati agula tikiti ndipite kwathu. Ndinathokoza, n'kuwafunsa ngati mwana adye mpunga kapena makaroni.

Madzulo ndinaimbira mng'ono wanga. Mawu ake anali atasasa.

"Munali kuti, achemwali?"

"Ku China, ndi mabwana."

Ndinamva nkhuku zikulira kumbuyo kwake.

"Osanena?"

"Ndimati ndinene nditafika. Ukudziwa mmene amayi..."

"Musamalize," anandidula. "Pamaliro anthu amanong'ona kuti Dubai yakudyani mtima. Nkhata yanu ndinaika ndine, azakhali akundiyang'ana ngati ndaba. Ine ndinakukwiyirani, sindikubisirani, mpaka pano ndikadali wokwiya." Anapumira m'mwamba. "Pali mawu amene anakujambulirani tili kuchipatala. Mwawamvera?"

Ndinali nditawaona, pakati pa "Tili kuchipatala" ndi "yankhani chonde," kamzere kakafupi kokhala ndi chithunzi cha mng'ono wanga pambali. Ndinali nditawadumpha dala. Ndinamuuza kuti ndimvera.

Anatha masiku anayi ndisanawakhudze. Ndinkasita, kuphika, kuperekeza mwana kumajowajowa a panja kutentha kukachepa, kumuimbira nyimbo posamba. Ndinkaopa kuti amayi anafa akuganiza kuti ndawataya, ndipo ndinkaona kuti bola kusadziwa kusiyana n'kumva iwo eni akunena. Kamsilikali kaja ndinakaika pawindo la chipinda changa chifukwa ndinalibe pena pokaika.

Lamlungu ndi tsiku langa lopuma. Sindinapite kutchalitchi, sindikanatha kupirira manja a azimayi anzanga pamsana. Ndinakwera sitima ya Metro mpaka ku Deira, n'kukakhala pa benchi m'mbali mwa madzi, pamene timaboti tamatabwa timawolotsa anthu. Kunali kotentha, benchi linkawotcha ntchafu. Amuna ena ankakweza makatoni a mafiriji m'chombo, akukuwizana m'chinenero chawo. Ndinaika foni kukhutu n'kudina.

Poyamba kunamveka kupuma kokha, kolemera, ndi mng'ono wanga chapatali akuti, "Lankhulani, yayamba." Kenako amayi.

"Iwe. Anzakowa akuti watitaya. Ine ndawauza kuti ayi, ameneyo ali pa ulendo, ndimamudziwa." Anatsokomola. "Wachita bwino osanena. Ukafika undiuze."

Zinathera pomwepo. Ndinamveranso kachiwiri, kufuna kupeza mkwiyo penapake m'mawu awo, koma munalibe. Ndikanakonda akanandikalipira, ndikanadziwa pogwira.

Pamwamba pa mauthenga onsewo panali chithunzi changa chija cha ku Beijing, mano onse pamtunda. Chinali chitapita chokha tsiku limene tinatera ku Dubai, amayi atagona kale m'dothi masiku atatu, ndipo mng'ono wanga anali atachiona osayankha kanthu.

Maso anga anali ouma gwa. Boti lina linadzaza n'kunyamuka, lina linafika. Ndinadina pojambulira mawu, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti wowamvera ndi mng'ono wanga.

"Ndafika, amayi," ndinatero.

Nthawi yomweyo uthenga unapita, osadikira n'komwe.