Nsalu Yamadontho ndi Chiyambi cha Nyenyezi

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anandipatsa mwana wamkazi mmodzi yekha koma wa pakamwa pa anthu asanu.

Masiku amenewo tinkakhala m'kachipinda ku Berea, mumzinda wa Durban, ine, iyeyo ndi makina anga osokera. Atafika kusekondale anayamba kubwera ndi nkhani zachilendo. Akuti dzuwa, nyenyezi ndi dziko lomwe zinayamba ndi kuphulika. Ndinachita mantha kuti mwana wayamba kuyesa Malemba nthano, ndipo ndinatsimikiza mtima zomutumiza kwa azakhali ake ku Malawi sukulu ikatsekera, akaphunzirenso kuopa Mulungu.

Ndinamuuza Loweruka lina masana, ndikukonzekera kudula diresi la mayi ena a ku Queensburgh. Nsalu yake inali yotamuka, yakuda, yamadontho oyera.

"Amayi, mukundithamangitsa chifukwa cha nyenyezi?"

"Chifukwa cha kuphulikako. Chinaphulika n'chiyani, tayala la takisi?"

"Eish, amayi inu! Tagwirani uku."

Anaifinya nsaluyo m'manja, nandisiyira nsonga.

"Pachiyambi zonse zinali zopanikizana chonchi, zazing'ono kuposa bowo la singano, zotentha kuposa simbi yanu. Si kuphulika kwa bomba ayi. Malo enieniwo ndi amene anayamba kutambasuka. Kokani."

Ndinakoka. Madontho aja anatalikirana, lililonse kuthawa linzake.

"Zitayamba kuzizira, mpweya unaunjikana m'magulu, kumakokana wokha mpaka pakati pake panayaka moto. Nyenyezi ndi zimenezo. Dontho lililonse apa ndi mudzi wa nyenyezi zosawerengeka. Mudzi wathu ndi Mlalang'amba uja mumadandaula kuti kuno magetsi amaubisa. Mpaka lero midziyi ikutalikirana."

Anandibwerera mawu a mneneri, onena za Iye amene amayala thambo ngati nsalu. Ndinali nditawawerenga kambirimbiri, ine telala, osazindikira kuti akunena za ntchito ya m'manja mwanga momwe.

"Nanga nsalu ya thamboyo, mbali inayo waigwira ndani?" ndinamufunsa.

"Mukafunsa limenelo aphunzitsi amangokanda m'mutu. Amati sayansi imanena mmene zinayendera, za mwini wake mukafunse kwina."

"Ine ndikufunsa iweyo."

"Amayi, Lamlungu amakudzutsani ndani kuti tisachedwe kutchalitchi?"

Pamenepo anandigwira pakamwa, pakuti ine ndi tulo ta Lamlungu ndife pachibale. Ataona kuti ndafooka, anawonjeza kuti chitsulo cha m'magazi mwanga chinaphikidwa m'kati mwa nyenyezi zakalekale, moti ine ndine fumbi la nyenyezi.

"Zoti ndine fumbi ndinauzidwa iwe usanabadwe," ndinatero. "Siya nsalu ya eni."

Kwa azakhali ake sanapitenso. Ndinaona kuti mwana sanamutaye Mlengi, ankangosuzumira m'misoko ya chovala chake, monga ndimachitira ine ndikaona suti yosokedwa bwino. Koma nsalu ija sinabwerere m'malo mwake, tinali titaikoka mopitirira. Ndinasoka choncho ndikupemphera chamumtima. Mayi aja atayesa diresi anati m'Durban monse ndine telala woyamba kuwamvetsa m'chiuno. Sindinawauze kuti avala chilengedwe chonse.

Iye amene anayatsa nyenyezi, nadziwa iliyonse payokha, akufutukulireni mitima inu owerenga. Ana anu akamakoka mbali yawo, akupatseni mphamvu yogwirabe yanu, ndipo nsalu isang'ambike pakati panu. Ameni.