Tsiku Limene Manda Anakana Khasu

Kumudzi kwa a Faines Nachisale, kuseri kwa mapiri a ku Kasakula, maliro akagwa anthu sankada nkhawa ndi madzi. Chiyambire utsikana wawo, mayiwa ndiwo ankayambirira kufika pachitsime, kudzaza migolo ya pasiwa, kutsuka mbale za alendo, n'kubwerera kwawo msana ukuwawa. Pothokoza kumanda ankatchula abusa, adzukulu okumba dzenje, ngakhale mwini galimoto. Otunga madzi sankatchulidwa, ndipo a Faines sanadandaulepo.

Kenaka mvula inayamba kunama. Chaka choyamba chimanga chinapserera chikumasula. Chotsatira madimba anauma. Chinzake chitsime cha pamudzi chinaphwa, moti madzi ankachita kukawafukula mumchenga kumtsinje, kumunsi kwa phiri.

M'chaka chimenecho, mu Okutobala, anamwalira a Yoswa, achimwene awo a Faines, amene anawalera bambo awo atatsikira kulichete. Ali gone pamphasa, a Yoswa anapempha chinthu chimodzi: "Mlongo wanga, mukandiike pafupi ndi amayi, patsinde pa mtengo wa muwanga uja." A Faines analonjeza.

Pa tsiku loika maliro, dzuwa litakwera, a Kalisto, mkulu wa adzukulu, anabwera n'kugwada pakhomo pa siwa.

"Pepani amayi, nthaka yakana. Makasu akuthyoka, piki ikungodumpha ngati tikumenya simenti. Popanda madzi ofewetsera, a Yoswa sagona lero."

Namfedwa satunga madzi. Koma a Faines anadzuka, n'kutola ndowa.

"Khalani pansi inu, anthu atiseka!" anatero mnzawo wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, akuwakoka chitenje.

"Aseke. Ndinalonjeza ndine."

Anatsika phiri ndi amayi ena, n'kukwera ndowa zili pamutu. Atalowa m'manda anaima chilili. Uwu unali msitu umene nkhwangwa sinaukhudzepo, ndipo kale unali wamdima ndi wozizira ngakhale masana. Mwezi uno mitengo imayenera kukhala itaphuka masamba ofiira, monga imachitira mvula isanabwere. Koma inali mbee, nthambi zokhazokha, chiswe chitakwera mpaka kunsonga. Dzuwa linkawomba pamitumbira yonse.

Anakhuthula ndowa m'dzenje losafika ndi m'mawondo momwe. Madzi anathamangira mumng'alu, n'kumveka ngati munthu akumeza. Pamwamba panatsala pouma.

"Ha! Yamwa ngati Vinsenti pa Khirisimasi," anatero mdzukulu wina.

"Iwe, ndisiye. Ine ndikamwa ndimafewa," anayankha Vinsentiyo, koma palibe anaseka.

Amayi aja anathira ndowa zonse. Dothi linangosintha mtundu pang'ono. A Kalisto anawerama, n'kukoka muzu wonenepa ngati mkono. Unathyoka phwa, ngati phesi.

"Amayi, muwangawu unafa kale. Waima chifukwa cha mizu yatsalayi. Tikaidula kuti dzenje lipitirire, mtengo ugwera pamtumbira wa mayi anu."

"Muwanga n'kufa?" anafunsa a Faines. "Muwanga, umene umabunthitsa nkhwangwa?"

Anagwira thunthu. Khungwa linasendeka lokha, fumbi n'kuwagwera m'manja. Anayang'ana mtumbira wa mayi awo, anayang'ana dzenje lija. Adzukulu anadikira, atatsamira mipini.

"Asiyeni amayi agone," anatero a Faines pomaliza. "Kakumbeni kumunsi, kufupi ndi chigwembe, komwe dothi n'lofewa. Achimwene andikhululukira."

A Yoswa anaikidwa dzuwa litapendeka, kumalire kwa manda, pamtetete. Nyimbo ili mkati a Faines anakweza maso, ndipo pakati pa mitengo youmayo anaona minibasi ikudutsa, anthu m'mawindo akuyang'ana bokosi likutsitsidwa. Moyo wawo wonse a Faines sankadziwa kuti msewu unali pafupi chotero.